Voisi ya pa gulu la banja: za kogona popita ku Hot Springs

Eee, asuweni, uthenga wanu ndaumva... dikirani nditseke chitseko, anawa akusokosa. Eya. Mwafunsa kuti popita ndi agogo ku Hot Springs, kumadzi otentha kuja kum'mawa kwa Zimbabwe, mugone ku Mutare kapena ku Chimanimani. Komatu ine ndakumvani bwinobwino. Inu mukufuna kudziwa ngati mungadutse pa Mutare osaonekera kwa amayi aang'ono ku Sakubva, chifukwa cha zija za pa ukwati zija. Hahaha, musakane!

Mukuwakumbuka amalume a ku Mabvuku, kuno ku Harare? Malemu, ee. Atamva kuti madzi otentha amathandiza nyamakazi, anakwera basi pa Mbare Musika atavala juzi, jekete ndi chipewa chaubweya, ati kumapiri kumazizira. Ayi, majekete awiri, agogo amati awiri. Osadziwa kuti Hot Springs ili kuchigwa, kufupi ndi Nyanyadzi, kwa malambe kuja, kotentha ngati ku Nsanje. Basi itangodutsa Mutare nkuyamba kutsika, munthu thukuta kamukamu, kenako tulo. Anadzidzimuka ali pa Birchenough Bridge, mtsinje wa Save uli pansi apo. Kondakitala anaiwala kuwadzutsa! Ndiye poti amalume kugonja sankakudziwa, anagula mkeka wa luzi la mlambe pamsewu, nkubwerera kuno kumauza aliyense kuti mlathowo unatsegulidwa mu 1935, kukhala ngati ndi zimene anapitira. Madziwo sanawakhudze ndi chala chomwe. Mkekawo mpaka lero uli ku Sakubva... ee, komwe mukuthawako.

Ndimati chiyani kodi? Eya, Chimanimani. Nkokongola, sindikukana, mathithi a Bridal Veil, mapiri aja, koma umenewo ndi ulendo wina pawokha. Mumakhota pa Wengezi nkuyamba kukwera, msewu wokhotakhota, ndiye ndi kagalimoto kanu ka mabuleki olira kaja... komanso nthawi ya mvula usiku musayerekeze, mukudziwa zimene namondwe wa Idai anachita kumeneko mu 2019. Kuchoka kuno kukafika pa Mutare ndi makilomita 260 ndi kanthu, agogo miyendo ikhala itatupa kale. Muwonjezerenso mapiri tsiku lomwelo?

Gonani pa Mutare basi. Kuchoka pamenepo kukafika kumadziko ndi ola limodzi ndi pang'ono, msewu wa tala. Mulawirire m'mamawa, agogo asambe dzuwa lisanakwere, masana mwabwerako. Mafuta thirirani mu Mutare momwemo. Mukafuna kamphepo kozizira, mapiri a Vumba ali pafupi.

Mutare, asuweni, mwamva? Za ku Sakubva musadandaule, gulani shuga ndi buledi, mukakhale theka la ola, nkhani ija sangaiyambe agogo ali pomwepo. Simukakamizidwa kugona kumeneko ayi, pezani loji m'tauni, chipinda chapansi chifukwa cha mawondo aja.

Ndati Mutare. Ndipo mabulekiwo mukawaonetse kaye kwa makaniki musananyamuke, ndakuuzanitu.