Akuti anakulipirani mopitirira? Musasaine kaye kalatayo

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati kwa miyezi 8 mwakhala mukulandira alawansi yogwirizira udindo, pomwe mwini udindoyo anabwerera kalekale, ndipo tsopano a HR akupatsani kalata yoti musaine kuti adule ndalama yonseyo pa malipiro a miyezi iwiri ikubwerayi. Mukufunsa ngati ali ndi mphamvu yotero poti olakwitsa ndi iwo. Ndaonanso ena m'gulu muno akukuuzani kuti zodyedwa sizibwezedwa, muwakanire basi. Yankho limenelo ndi lokoma m'khutu, koma likhoza kukupwetekani.

Choyamba chowawa nchakuti m'maiko ambiri, ndalama imene munthu walandira chifukwa cha kulakwitsa imakhala ngongole ndithu. Kuti wolakwitsa ndi kalaliki wa kumalipiro kapena kompyuta yawo, izo pazokha sizikupatsani umwini wa ndalamayo. Ku England kunali mlandu wa wapolisi wamkazi amene analandira £74.74 ya ovataimu imene sanagwire. Iye anazindikira, nkungokhala chete. Nkhaniyo itafika ku khothi la apilo, oweruza anati kusunga dala ndalama yotere ukudziwa kuti si yako kukhoza kuwerengedwa ngati kuba. Ndiye mzimu womati "alakwitsa okha, zawo izo" muutaye.

Koma kukhala ndi ngongole ndi nkhani ina, kuti akudule momwe afunira ndi nkhani inanso. Apa mpamene pali mphamvu zanu, ndipo mpamene anthu ambiri amagonja asanayambe nkomwe chifukwa cha mantha.

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lili ndi pangano loteteza malipiro, la nambala 95, lomwe linakhazikitsidwa mu 1949. Ndime 8 ya panganolo imati kudula malipiro a munthu kuchitike pokhapokha motsata malamulo a dziko, mgwirizano wa olemba ntchito ndi mabungwe a ogwira ntchito, kapena chigamulo cha oweruza, komanso mosapyola malire amene aikidwa. Maiko amamanga mfundo imeneyi mosiyanasiyana. Ku Britain, lamulo la Employment Rights Act la 1996 limalola abwana kudzibwezera ndalama yolipidwa mopitirira popanda kuti wantchito asaine. Ku Australia zili mosiyana: pansi pa Fair Work Act ya 2009, kawirikawiri abwana sangangodula, amayenera kugwirizana nanu polemba, apo ayi akadandaule ku khothi. Ku New York sangadule kupyola 12.5 peresenti ya malipiro anu pa nthawi imodzi ngati ngongoleyo ndi yaikulu, ndipo ayenera kuyamba akudziwitsani ndi kukupatsani mpata wotsutsa. Ku South Africa, khothi lalikulu la malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2017 kuti ndime ya Public Service Act yomwe inkalola boma kudula lokha malipiro a ogwira ntchito m'boma popanda kudzera ku khothi inali yosemphana ndi malamulo a dzikolo. Simunanene dziko limene mukugwirako ntchito, choncho fufuzani lamulo la kwanuko, komanso werengani kontirakiti yanu, poti nthawi zina chilolezo chodula chimabisala m'menemo ndipo munachisaina tsiku loyamba ntchito mosaona.

Tibwere pa kalata yomwe ili m'manja mwanuyo. Musaisaine lero, ngakhale akuuzeni kuti ndi mwambo chabe. Makalata amenewa nthawi zambiri amakhala ndi zinthu zitatu zomangidwa m'chiganizo chimodzi: mukuvomera kuti ngongole ilipo, mukuvomera kuchuluka kwake, ndipo mukuvomera kadulidwe kake. Mukangoika dzina, mwatseka zitseko zitatu nthawi imodzi. Palinso china chomwe ambiri sachidziwa. Ngongole imakhala ndi nthawi yake yoti mwini aitsate ku khothi, zaka 6 ku England, zaka 3 ku South Africa, ndipo kuvomera ngongoleyo polemba kumapangitsa kuti nthawiyo iyambe kuwerengedwa mwatsopano. Kwa inu a miyezi 8 izi sizikukhudzani kwenikweni, koma alipo ena owerenga pano amene amauzidwa kuti abweze za zaka zambiri zapitazo. Ngati akuumirira kuti musaine posonyeza kuti kalata mwalandira, lembani ndi dzanja lanu pamwamba pa dzina kuti "ndalandira kalatayi, koma sindinavomereze zomwe zalembedwamo," muike deti, mutengeko kope yanu.

Kenako muwayankhe polemba, mwaulemu, mwachidule. Musakambe nkhaniyi pakamwa pokha mu ofesi ya abwana, chifukwa mawa mudzasowa umboni. Apempheni akusonyezeni mwezi ndi mwezi: munayenera kulandira zingati, munalandira zingati, kusiyana kwake nkotani, ndipo kulakwitsako kunayamba liti. Inu mukhale pansi ndi mapepala anu a malipiro ndi sitetimenti ya kubanki, mufananize mzere ndi mzere. Ofesi imene yalakwitsa pokulipirani ikhozanso kulakwitsa powerengera ngongole, ndipo zimachitikadi.

Pamene muyang'anitsitse ndi pa msonkho. Tinene kuti papepala anawonjezera 100 mwezi uliwonse. Msonkho ndi penshoni zinatengapo 30, m'thumba mwanu munalowa 70. Kwa miyezi 8, papepala zikuoneka 800, koma inu munagwira 560. Akakuuzani kuti mubweze 800 kuchokera pa ndalama yomwe yadulidwa kale msonkho, ndiye kuti 240 mukulipira ya m'thumba mwanu, ndalama imene simunaione nkomwe. Afunseni kuti gawo la msonkho ndi penshoni likonzedwa bwanji. Kawirikawiri zimatheka kukonza kudzera ku malipiro komweko kapena ku bungwe lotolera msonkho, koma akapanda kufunsidwa, ena amangotenga chiwerengero chachikulucho poti ndi chophweka kwa iwo.

Funso lina lofunika kwambiri pa nkhani yanu: kodi ndi zoona kuti ndalamayo simunayenera kulandira? Mwati mwini udindo anabwerera. Nanga ntchito zake zija munazitula zonse? Alipo anakulemberani kuti kugwirizira kwatha pa deti yakuti? Ngati munapitiriza kusaina malipoti, kugawa ntchito kwa anzanu, kukhala pa misonkhano ya akuluakulu, abwana akuona, ndiye kuti mwina pano palibe kulakwitsa. Mwina ndi ndalama imene munaigwirira ntchito, kungoti wina wasintha maganizo pambuyo. Kusintha maganizo si kulakwitsa kwa kawerengedwe. Fufuzani maimelo, mauthenga a pa WhatsApp, ndandanda za ntchito, chilichonse chosonyeza zomwe munkachita miyezi imeneyo.

Tsono pali chitetezo china chomwe makhothi a maiko otsata malamulo a chingerezi amachizindikira. Ngati olemba ntchito anakupatsani chikhulupiriro chakuti ndalamayo ndi yanu, inu nkukhulupirira ndi mtima woona, nkuigwiritsa ntchito mwa njira yomwe simukanachita ikanapanda kubwera, khothi likhoza kukana kuti mubweze yonse kapena gawo lake. Mlandu wodziwika ndi wa Avon County Council ndi Howlett wa 1983, pomwe mphunzitsi amene anavulala ali pa ntchito analipidwa mopitirira ndi £1,007 pa nthawi yomwe ankadwala, ndipo khonsoloyo inalephera kuitenganso. Mu 1991, pa mlandu wa Lipkin Gorman ndi Karpnale, khothi lalikulu la ku Britain linavomereza mfundo yakuti munthu amene wasintha zochitika pa moyo wake chifukwa cha ndalama yolandira mosadziwa ali ndi podzitetezera. Komabe ndisakunamizeni, khomo limeneli ndi lopapatiza. Kungonena kuti ndinadya sikukwanira, poti lendi ndi zina za tsiku ndi tsiku mukanalipirabe. Ndipo ngati pa pepala la malipiro panalembedwa poyera kuti alawansi yogwirizira, inu mukudziwa kuti munasiya kugwirizira, adzakufunsani chifukwa chomwe simunafunsire. Koma ngati munafunsa, wina wa kumalipiro nkukuyankhani kuti zonse zili bwino, uthenga umenewo usungeni ngati dzira. Ndi umboni wolemera kuposa china chilichonse chimene muli nacho.

Zikapezeka kuti ngongole ilipodi, nkhondo yanu isamukire pa kabwezedwe. Miyezi iwiri ndi nkhanza, ndinene mosabisa. Kulakwitsa kunatenga miyezi 8, palibe chifukwa chomveka choti kukonza kwake kukugwereni pa miyezi iwiri. Pemphani kuti mubweze pa miyezi yosachepera 8, ngakhale 12 kapena kupitirira ngati bajeti yanu ikutero. Alembereni ndalama zomwe zimatuluka mwezi uliwonse, lendi, fizi, mayendedwe, ngongole za kubanki, muwaonetse zotsala, munene nokha chiwerengero chomwe mungakwanitse. Kuyamba inu kutchula chiwerengero kumathandiza, chifukwa kumasonyeza kuti simukuthawa. Musaope kupempha kuti akhululuke gawo lina poti vutoli analiyambitsa ndi iwo. Akhoza kukana, koma makampani ena amalola, makamaka akaona kuti kulimbana ku khothi kuwadyera zambiri. Chiwongola dzanja chokha musavomere. Mgwirizano ulembedwe, unenenso zomwe zidzachitike mukadzasiya ntchito ngongole isanathe, chifukwa apo mpamene ambiri amadzidzimuka malipiro omaliza atamezedwa onse.

Musasiye ntchito chifukwa chokwiya, ngongole imatsatira munthu ngakhale atachoka. Musayambenso kujomba kapena kugwira ntchito mwamphwayi pobwezera, mungowapatsa chifukwa china chokuimbirani mlandu.

Akadula musanagwirizane, lembani dandaulo motsata ndondomeko ya pakampani panu, munene kuti simunavomereze ndipo mukupempha aimitse mpaka nkhani itamveka. Ngati muli mu yuniyoni, tengani nthumwi yanu pa msonkhano uliwonse. Ngati mulibe, pitani ku ofesi yoona za ntchito ya m'dera lanu kapena kwa othandiza pa malamulo mwaulere, mutanyamula kontirakiti, mapepala a malipiro a miyezi yonseyo, kalata yokuikani pa udindo wogwirizira ndi kalata ya a HR ija. Musachedwe, chifukwa madandaulo a za ntchito amakhala ndi nthawi yochepa yokawatula, m'maiko ena ndi miyezi yowerengeka chabe kuchokera tsiku limene anakudulani.

Mutiuze dziko limene muli komanso ngati kontirakiti yanu ikunenapo za kudula malipiro, kuti odziwa malamulo a kumeneko m'gulu muno akuthandizeni molunjika. Dzina la kampani ndi chithunzi cha kalatayo musaike pano.