Mwafunsa, Tayankha: Kunyamula Buludoza Yaing'ono pa Ngolo

Funso: Ndagula buludoza yaing'ono ya Komatsu D21 ku Lilongwe yoti izindikumbira madamu a nsomba. Mnzanga ali ndi ngolo ya matayala anayi imene amaikoka ndi pikiapu, ndipo akuti ikwanira bwinobwino. Ndimumvere? — Mlimi, Mchinji

Yankho: Ayi bambo, musamumvere. Kukwanira ikhoza kukwanira, koma nkhani yagona pa kulemera. D21 imalemera pafupifupi matani 4, osawerengera dizilo, matope omata kunsi ndi zitsulo zong'ambira nthaka ngati ili nazo kumbuyo. Pitani mukawerenge kachitsulo kolembedwa kamene kamakhomedwa kutsogolo kwa ngolo. Mukapeza GVM (kulemera konse kololedwa, ngolo pamodzi ndi katundu) 3,500 kg pomwe ngoloyo payokha ikulemera 900 kg, ndiye kuti katundu wake ndi 2,600 kg basi. Pikiapu nayo ili ndi malire: zamphamvu ngati Hilux zimalekezera pa 3,500 kg ngolo ikakhala ndi mabuleki ake, ndi 750 kg yokha ikakhala yopanda mabuleki. Kunyamuka munyamuka ndithu, vuto lidzaoneka poima, pamene matani asanu adzakhale akukankha galimoto ya matani awiri.

Pezani lole yaikulu yokoka ngolo ya mabuleki, kapena lobedi, ngolo yotsika ija yonyamulira makina olemera. Amene ali ndi Cat D3, ya matani 8 mpaka 9, asaganizenso kawiri, imeneyo ndi ya lobedi.

Funso: Ndine opareta watsopano. Mtima umandigunda kwambiri pokweza makina pa ngolo, makamaka pofika pamwamba pa marampu. Ndizitani? — Wowerenga, Zomba

Yankho: Achimwene, mantha amenewo ndi abwino, musawataye, chifukwa pamenepo ndi pomwe makina ambiri amagubuduzika. Yambani ndi malo. Akhale osalala ndi olimba, osapendekera mbali ngakhale pang'ono. Ngolo ikhale yolumikizidwa ku lole, mabuleki omanga, matayala otchinjirizidwa ndi zidutswa za mitengo. Ikani zipika pansi pa msana wa ngolo kumbuyo. Popanda zimenezi, buludoza ikangoponda marampu kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumanyamuka pamodzi ndi matayala akumbuyo a lole, amene ndi omwe agwira buleki, ndiye zonse zimayamba kuyenda muli pamwamba.

Kenaka palani matope onse m'matiraki, aja ena amati matcheni oyendera. Chitsulo pa chitsulo chimaterereka ngati therere, makamaka kukagwa mvula kapena mame a m'mawa, ndipo mano a matiraki amagwira poyenda kutsogolo ndi kumbuyo kokha, cham'mbali sagwira konse. Yalani matabwa olimba kapena matayala akutha pa marampu. Marampuwo asapendekeke kupitirira madigiri 15: ngolo yotalika mita imodzi kuchokera pansi imafuna marampu a mamita pafupifupi anayi.

Lunjikani makina muli pansi. Mangani lamba, giya yoyamba, moto wochepa, khasu la kutsogolo kwa buludoza lokwezedwa pang'ono poti lisagunde. Mukaona kuti mwapatuka, musakhote muli pa rampu. Tsikani, lunjikaninso, yambaninso, ngakhale katatu. Pamwamba paja buludoza siipinda ngati galimoto; mphuno imaloza kumwamba, ngolo simukuionanso, kenaka imagwera kutsogolo kamodzi. Fikanipo mokwawa kuti itere mofatsa, osati momenyetsa. Wokuongolerani akhale mmodzi yekha, aime pomwe mukumuona koma patali. Anthu oonerera, makamaka ana, achoke m'mbali zonse ziwiri.

Poimika, pa ngolo yokokedwa ndi chokolowekera, kulemera kwa magawo 10 mpaka 15 pa 100 alionse kutsamire kutsogolo, pa chokolowekeracho. Mukaisiya buludoza kumbuyo kwambiri ngolo imavina pamsewu. Mukaipititsa kutsogolo kwambiri chiwongolero cha lole chimapepuka. Tsitsani khasu pa matabwa, mangani buleki, zimitsani, chotsani kiyi, zimitsani swichi ya batire. Ngati injini ili ndi turbo, tsekani kukamwa kwa ekizosi ndi tepi kuti mvula ndi mphepo zisalowe.

Funso: Kodi maunyolo awiri sakwanira? Chinthu cholemera chonchi chingasunthe chokha? — Dalaivala, Salima

Yankho: Chimasuntha, ndipo kulemera komweko ndi kumene kumachiponya. Mukaponda buleki mwadzidzidzi lole imaima koma buludoza imafuna kupitirira, ndipo kutsogolo kwake kuli inu.

Maunyolo akhale anayi, umodzi pa ngodya iliyonse, uliwonse ndi chokungira chake, ndi wachisanu wa khasu. Akutsogolo akokere kutsogolo, akumbuyo akokere kumbuyo, mopingasana ngati X kuti agwirenso cham'mbali, atapendekeka madigiri pafupifupi 45. Gulani a Grade 70, aja ooneka ngati golide okhala ndi chidindo cha G70 kapena 7 pa mphete zina. Wa 10 mm umaloledwa kugwira pafupifupi matani 3, wa 13 mm matani 5. Muyezo wa ku America, umene ndi wothandiza kuutsatira, umati mphamvu ya maunyolo onse pamodzi ifike theka la kulemera kwa katundu, ndipo unyolo wochoka pa ngolo kukathera pa makina umawerengedwa theka la mphamvu yake. Choncho anayi a 10 mm akupatsani matani 6, okwanira D21 ngakhalenso D3. Koma mbedza, chokungira ndi mphete ya pa ngolo zikhale za mphamvu yomweyo. Unyolo wowotcherera kapena wolumikiza ndi bawuti utayeni, tikukupemphani.

Kolowekani pa malo amene fakitale inaika pa fulemu kapena pa chokokera chakumbuyo, osati pa mapaipi a haidiroliki, masilinda kapena zogwirira pokwera. Ife timakonda chokungira cha ratchet. Chija cha mkono umodzi chimafwamphuka, ndipo amene amachiwonjezera paipi kuti akunge kwambiri ndi amene amathyoka nsagwada. Ngati ndi chomwe muli nacho, imani pambali pake ndipo mangani mkonowo ndi waya mukamaliza.

Funso: Nanga pamsewu ndisamale chiyani? — Kontirakitala, Karonga

Yankho: Yezani m'lifupi ndi msinkhu musananyamuke. Khasu la D3 likhoza kupitirira mamita awiri ndi theka. Ngati ndi lotheka kupendeketsa, lipendeketseni, ndipo likatulukabe kunja kwa ngolo kafunseni chilolezo ku Road Traffic, muikenso mbendera zofiira. Kumbukirani mawaya a magetsi otsika m'misika ndi masikelo a pamsewu ngati a ku Balaka ndi ku Songwe. Imani musanathe makilomita 80 oyamba, pa msewu wafumbi ngakhale 10, mukungenso maunyolo chifukwa matiraki amadya matabwa ndipo unyolo umakhwepa. Pambuyo pake onaninso maola atatu alionse. Potsika Chiweta lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetse, osati mabuleki atayamba kale kununkha. Mukafika, onani kaye ngati makina sanasunthe n'kutsamira unyolo umodzi, ndipo umenewo muumasule pomaliza, pang'onopang'ono, wina aliyense atachoka kumbali imene makina akukokera.