Funsani za Makompyuta: Tingatseke intaneti n'kusiya imelo yokha?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndine mlembi wa gulu la alimi a thonje ndi chitowe kuno ku Ngabu. Tili ndi makompyuta atatu ndi rauta yoikamo simu khadi. Bando ya mwezi wonse imatha mwezi usanafike n'komwe pakati, chifukwa anzathu akangomva kuti wayifayi yayaka, basi ndi mavidiyo okhaokha. Chomwe timafuna ife ndi kutumiza malipoti ndi kulandira makalata a ogula. Achimwene anga akuti kale, nthawi ya intaneti yoimba pa foni ya mawaya, makampani ankatha kupatsa munthu imelo yokha. Kodi zimenezi zingatheke lero? Mlembi, Ngabu.

YANKHO: A Mlembi, achimwene anuwo sakunama. Nthawi imeneyo modemu ikathamanga kwambiri inkangofika 56 kbps. Munthu akaimba, seva yotchedwa RADIUS inkaona dzina lake ndi pasiwedi, n'kuuza makina olandira mafoniwo sefa yoti amuikire. Wolipira imelo yokha ankapeza kwina konse kotseka. Mawaya aja anapita, koma nzeru yake rauta yanu ikhoza kuigwiritsa ntchito, bola ikhale yolola kulembamo malamulo a firewall (sefa yosankha zoti zidutse ndi zoti zitsekedwe), ngati marauta a kampani ya MikroTik. Ka MiFi ka m'thumba nthawi zambiri sikatha zimenezi.

Ntchito iliyonse ya pa intaneti imadutsira pa khomo lake lotchedwa port, ndipo port iliyonse ili ndi nambala. Kulandira makalata motetezeka ndi 993 ngati mukugwiritsa ntchito njira yolandirira makalata yotchedwa IMAP, kapena 995 ngati ndi ina yotchedwa POP3. Kutumiza ndi 587 kapena 465. Zinayizi muzitsegule. Port 25 muisiye yotseka. Ndiyo imene kompyuta yogwidwa ndi vayirasi imagwiritsa ntchito pomwaza makalata achinyengo.

Pali ina imene ambiri amaiiwala, 53, ya DNS. Imeneyi ndiyo imasandutsa dzina ngati imap.gmail.com kukhala adiresi ya manambala. Mukaitseka, imelo siyenda ngakhale zina zonse mwazikonza bwino, ndipo mudzatha tsiku lonse mukudandaula netiweki yopanda mlandu. Mulolenso mayankho a zimene kompyuta yanu yapempha kuti azibwerera. Pa rauta lamulo lake limalembedwa kuti established.

Tsono tcherani khutu apa. Rauta ili ngati mlonda wa pa geti amene wapatsidwa pepala la malamulo: amawerenga kuchokera pamwamba, ndipo akangopeza mzere wokhudza munthu amene waima patsogolo pake, sawerenganso za m'munsi. Choncho malamulo ololeza akhale pamwamba, lamulo lokana zonse likhale lomaliza. Mukalikweza pamwamba, mwadzitsekera nokha panja.

Vuto lenileni nali. Ngati mumatsegula Gmail pa Chrome, mumadutsira pa 443, pomwenso pamadutsa YouTube, Facebook ndi TikTok. Mukaitsegula chifukwa cha Gmail, mavidiyo aja alowa nawo. Ena amayesa kulola maadiresi a Google okha, koma ine sindilimbikitsa, pakuti maadiresiwo amasinthasintha ndipo YouTube nayo ndi ya Google yomweyo. Njira yosavuta ndi kuika Thunderbird, pulogalamu yaulere yolandirira ndi kutumizira imelo, pa makompyuta onse atatu. Mulowetse akaunti iliyonse musanatseke, chifukwa polowa koyamba Google imakutsegulirani tsamba lake lotsimikizira, lomwe limafuna 443. Lolani accounts.google.com ndi www.googleapis.com kuti zikhalebe zotseguka, apo ayi pakapita kanthawi Thunderbird idzasiya kulandira.

Dziwaninso kuti WhatsApp ifa nawo pa wayifayiyo. Nkhaniyi muiyambire ku komiti, isadzaoneke ngati nkhanza za mlembi. Ngati ogula ena amatumiza mitengo pa WhatsApp, sankhani foni imodzi, muipatse adiresi ya manambala (IP) yosasintha, n'kuilembera lamulo lake pamwamba pa lokana lija.

Komanso musawaweruze kwambiri anzanuwo. Windows payokha imakoka ma update akuluakulu mwakachetechete, ndipo pa makompyuta atatu bando imaphwa msanga. Sefayi iletsa zimenezonso, koma kompyuta yosalandira ma update ndi yosavuta kugwidwa ndi vayirasi. Sankhani tsiku limodzi pa mwezi, mugule bando yapadera, muzimitse lamulo lokana lija mpaka onse atatu amalize, kenako muliyatsenso musanatseke ofesi.