C: yadzaza pomwe D: ili ndi malo mbwee

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga anditumizira imelo. Laputopu yawo ya Windows 10 ili ndi hard drive ya 500 GB yogawidwa pawiri. C: ndi ya 100 GB ndipo yafiira psuu, kwangotsala 2 GB, pomwe ku D: kuli malo ongokhala oposa 250 GB. Anatsegula Disk Management, pulogalamu ya Windows yoyang'anira magawo a disiki, n'kuchepetsa D: bwinobwino, koma atapita pa C: kuti aikulitse anapeza mawu akuti Extend Volume ali otuwa, osadinika. Funso lawo ndi lakuti, "Ndalakwitsa pati?"

Mayi, simunalakwitse paliponse, ndi Windows yomwe ili ndi khalidwe lake. Yang'anani m'munsi mwa Disk Management, muona disiki yanu itajambulidwa ngati mabokosi ondondozana kuchokera kumanzere kupita kumanja. Extend Volume imagwira ntchito pokhapokha ngati malo opanda kanthu, aja a mzere wakuda olembedwa kuti Unallocated, agundana ndi C: kudzanja lake lamanja. Tsono mukachepetsa D:, Windows imadula kumchira kwake. Malo mwapezawo ali kuseri kwa D:, ndipo C: singalumphe mnzake kuti ikawafikire. Zili ngati mukufuna kukulitsa chipinda chanu koma malo otsala ali kuseri kwa chipinda china.

Musanagwetse khoma, yambani mwasesa. Kusuntha malire sikuwonjezera ngakhale 1 MB pa disiki, kumangolanda uku n'kupereka uko, ndipo nthawi zambiri chimene chadzaza C: ndi zinyalala. Tsegulani Disk Cleanup, pulogalamu ya Windows yochotsa zinyalala, dinani Clean up system files, chongani zotsalira za Windows Update. Ngati pali foda ya Windows.old, yomwe imatsala mukakweza Windows, nayonso imadya malo ochuluka zedi. Palinso fayilo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, yomwe imatenga pafupifupi 40 peresenti ya kukula kwa RAM yanu. Mukatsegula Command Prompt, zenera lolembamo malamulo, ngati administrator n'kulemba powercfg /h off, fayiloyo imachoka, kungoti Hibernate (kuzimitsa kompyuta ikusunga zomwe munatsegula) ndi Fast Startup (kuyaka mwachangu) zimapita nayo limodzi.

Njira imene ine ndimaikonda koposa anthu ambiri saidziwa. Dinani kumanja pa foda ya Downloads, sankhani Properties, kenako Location, kenako Move, muilozere ku foda yakeyake ku D:. Chitaninso chimodzimodzi ndi Videos, Pictures ndi Documents. Mafodawo azioneka pomwe mumawapeza masiku onse, koma katundu wake azikhala ku D:. Pa makompyuta ambiri amene ndawagwirapo, nkhani imathera pomwepa.

Ngati mwasesa koma C: ikadali yothina, njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yotopetsa koma yodalirika: koperani zonse za mu D: pa hard drive ina, tsegulani mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti akopedwadi, kenako fufutani D: yonse ndi Delete Volume. Malo akuda aja tsopano agundana ndi C:, ndipo Extend Volume idzuka. Bokosi lake limafuna nambala ya ma MB, choncho ngati mukuwonjezera 50 GB lembani 51200. Zotsalazo pangani D: yatsopano n'kubwezeramo katundu. Pa disiki za MBR, zomwe ndi za kagawidwe kachikale, mukafufuta D: nthawi zina pamatsala bokosi lobiriwira lolembedwa kuti Free space, limenelo lifufuteninso kachiwiri. Koma mukaona kabokosi kakang'ono ka Recovery kali pakati pa C: ndi D:, musakafufute mwachisawawa, ndi kamene kamathandiza kukonza Windows ikakana kuyaka.

Yachiwiri ndi GParted, pulogalamu yaulere imene mumaiika pa flashi n'kuyatsira kompyuta pamenepo. Imeneyi imatha kukankhira D: yonse kumanja popanda kuifufuta, kuti malo opanda kanthu aja agundane ndi C:. Ngati BitLocker, loko ya Windows yobisa zomwe zili pa disiki, ndi yoyatsa, izimitseni kaye ndipo mudikire imalize. Dziwaninso kuti kusuntha kumeneku kungatenge maola, chifukwa chilichonse chili mu D: chimanyamulidwa n'kulembedwa pamalo ena. Ine ndinaphunzira nditalira. Tsiku lina ndinayamba ntchitoyi pa laputopu ya batire yotha, chaja chili cholowa mwa theka osadziwa. Ndinapita kukasamba, pobwera ndinapeza sikirini ili bii. Windows inayaka ndithu, koma D: inkangondifunsa ngati ndikufuna kuifomata, ndipo zithunzi za zaka zitatu zinapita choncho. Kuyambira pamenepo sindikhudza partition, gawo la disiki ngati C: kapena D:, ndisanakopere kwina, ndiye ngati kukopera n'kosathawika, njira yoyamba ija ndi imene ndingakusankhireni.

Pa disiki yanuyo, imene Windows imaiwerenga ngati 465 GB osati 500, ine ndikanapatsa C: 150 GB, zotsalazo D:. Malo akuda munadula kale aja musade nawo nkhawa: ngati mwaganiza zongosesa basi, dinani kumanja pa D:, sankhani Extend Volume, abwerera mwakale.