Ufulu wokana kulumbira m'khothi la ku England ndi nkhani ya Charles Bradlaugh

Mayi, mwafunsa ngati khothi la ku England, kumene mwaitanidwa kukapereka umboni, lingakukakamizeni kulumbira mutagwira Baibulo chonsecho mpingo wanu umaletsa kulumbira, ndipo mwati wina anakuopsezani ndi zomwe zinagwera Bradlaugh. Khothi silingakukakamizeni, ndipo Bradlaugh yemweyo ndi mmodzi mwa amene anamenyera ufulu umenewu.

Charles Bradlaugh, yemwe sankakhulupirira zoti kuli Mulungu, anasankhidwa kukhala phungu wa tauni ya Northampton ku England mu 1880, ndipo monga phungu aliyense ankayenera kulumbira asanakhale pampando. Atapempha kuti angolonjeza kukhulupirika osatchula Mulungu, aphungu anzake anamukaniza. Atavomera kulumbira, anamukanizanso ponena kuti lumbirolo kwa iye linali lopanda tanthauzo. Pambuyo pake anamulola kulonjeza, koma khothi linagamula kuti lamulo la nthawiyo silinkamupatsa ufulu umenewo, motero mpando unamuchokera. Anthu a ku Northampton anamusankhanso mu 1881, 1882, 1884 ndi 1885. Atasumira Gossett, mkulu wosungitsa bata m'Nyumba ya Malamulo yemwe ankamuletsa kulowa kukalumbira, pa mlandu wa Bradlaugh ndi Gossett mu 1884, oweruza anati makhothi salowerera momwe Nyumbayo imayendetsera zam'kati mwake. Ine ndimaona kuti chigamulochi chinateteza Nyumba koma chinasiya ovota opanda kothawira. Sipikala Arthur Peel ndiye anamulola kulumbira mu Januwale 1886, ndipo Bradlaugh anamwalira mu Januwale 1891, atangokhala pampando mwabata zaka 5 zokha.

M'zaka zochepazo anakwanitsa kudutsitsa lamulo la malumbiro la 1888, lomwe mfundo yake lero ili mu Oaths Act ya 1978: aliyense wosafuna kulumbira amaloledwa kulonjeza kuti anena zoona, ndipo lonjezolo lili ndi mphamvu yofanana ndi lumbiro. Lamulo la 1888 linkafuna kuti munthu anene chifukwa chake, koma lero simukakamizidwa kufotokoza za chikhulupiriro chanu.

Tsiku la mlandu mufike msanga, muuze loya amene wakuitanani kapena wogwira ntchito m'khothi wolondolera mboni kuti mukufuna affirmation, kutanthauza kulonjeza m'malo molumbira, ndipo mudzapatsidwa mawu oti muwerenge kapena kubwereza. Dziwani kuti kunama dala mutalonjeza ndi mlandu womwewo wa umboni wabodza, womwe chilango chake ku England chingafike zaka 7 m'ndende.