Kodi Nebraska ipambanadi masewero 10 mu 2025? Yankho kwa achimwene a ku Omaha

Achimwene, kalata yanu yandifika pamtima chifukwa funso limene mwafunsali ndakhala ndikulimbana nalo mwezi wa Ogasiti uliwonse. Mwati mwana wanu wamkazi akuyamba maphunziro pa yunivesite ya Nebraska ku Lincoln, ndipo anzanu a kuntchito akukutsimikizirani kuti m'chaka chino cha 2025 timu ya sukuluyo ipambana masewero 10 mwa 12 n'kulowa mu playoff, mpikisano wa kumapeto kwa chaka wopezera katswiri wa dziko lonse, ndiye mukufuna kudziwa ngati muwakhulupirire ndi kuyamba kuika padera ndalama za ulendo wa mu Disembala. Owerenga ena adziwe kuti tikukamba za mpira wa ku America, uja osewera ake amavala zisoti ndi kuthamanga mpira uli m'manja.

Kuti mumvetse chimene chimawalankhulitsa anzanuwo, muyambe mwadziwa kuti chigawo cha Nebraska chilibe timu ya mu NFL, ligi yaikulu ya mpirawu ku America, choncho mtima wa anthu onse, kuyambira alimi a chimanga a kumadzulo mpaka ogwira ntchito m'maofesi a ku Omaha, uli pa anyamata a pasukulu amenewa. Matikiti a pa bwalo la Memorial Stadium akhala akutha pa masewero aliwonse chiyambire 1962, ndipo tsiku la masewero anthu a m'bwalomo amachuluka kuposa a mu mzinda wina uliwonse wa m'chigawocho, kupatula Omaha ndi Lincoln. Timuyi inakhala akatswiri a dziko lonse mu 1970, 1971, 1994, 1995 ndi 1997. Mphunzitsi Tom Osborne anaitsogolera zaka 25 ndipo sipanapezeke chaka chimene anapambana masewero osakwana 9. Amene akukuuzani za masewero 10 anakulira m'zimenezo, kapena analeredwa ndi makolo amene anaziona ndi maso.

Ine ndinalowa m'chikondi chimenechi kudzera mwa bambo wina wachikulire amene ndinayandikana naye nyumba ku Lincoln, munthu wofatsa amene banja lake lakhala ndi mipando yomweyomweyo m'bwalomo kuyambira nthawi ya Osborne. Mu 2019 iye ndi mzinda wonse anali ndi chikhulupiriro chachikulu. Mphunzitsi anali Scott Frost, mwana wa m'chigawo momwemo, yemwe anali quarterback (wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera anzake poukira) wa timu ya 1997, ndipo anabwera atangopambana masewero onse 13 ndi timu ya yunivesite ya Central Florida (UCF) mu 2017. Chaka chake choyamba ku Nebraska chinayamba ndi kugonja kasanu ndi kamodzi motsatizana n'kutha ndi kupambana masewero 4 okha, koma poti kumapeto kwake timu inaoneka ngati ikudzuka, atolankhani anaiika pa nambala 24 pa mndandanda wa AP (matimu 25 abwino koposa m'dziko, malinga ndi mavoti a atolankhani) masewero a 2019 asanayambe, ena anailosera kuti itsogolera gulu la kumadzulo mu ligi yake ya Big Ten, ndipo dzina la quarterback Adrian Martinez linkatchulidwa pakati pa amene angalandire mphoto ya Heisman, ya wosewera wabwino koposa m'mayunivesite onse. Bambo uja ankabwera pakhomo panga madzulo ndi pepala la ndandanda ya masewero, n'kumachonga ndi pensulo amene tipambane. Ankafika pa 9, nthawi zina pa 10.

Pa 28 Seputembala 2019 anandipatsa mpando wa akazi ake kuti ndikaonere nawo masewero a Ohio State. Pulogalamu ya pa kanema ya College GameDay inali itabwera ku Lincoln m'mawa mwake, ndipo m'misewu munali mofiira mokhamokha. Nthawi imeneyo kunali mwambo woti ochemerera amalowa m'bwalo atagwira mabaluni ofiira, n'kuwaulutsa Nebraska ikapeza mapointi oyamba. Pofika nthawi yopumulira, Ohio State inali ndi mapointi 38, ife tilibe ngakhale imodzi, ndipo kamnyamata kamene kanakhala patsogolo pathu kanali katamangirira chingwe cha baluni yake pamkono chifukwa zala zinali zitatopa. Masewero anatha 48 kwa 7. Koma chimene chinandikhalira mumtima si zigolizo ayi. Kumbuyo kwathu kunali bambo wina wa imvi amene Martinez akataya mpira ankamutukwana mokuwa, kumutchula mawu oti sindingawalembe pano, pamene mnyamatayo anali ndi zaka 19 zokha. Mnyamata uja sanadziike yekha pa nambala 24, ndipo sanapemphe munthu kuti amutchule pa nkhani ya Heisman. Akuluakulu anadzipangira okha chithunzi mu Ogasiti, ndipo chithunzicho chitasweka anakalipitsa mwana. Timu inamaliza chakacho itapambana masewero 5 ndi kugonja 7.

Kuyambira usiku umenewo ndimanena mosabisa kuti chiyembekezo cha ochemerera chaipweteka timu ya Nebraska kuposa mdani wina aliyense wa pabwalo, ndipo mbiri ikundichitira umboni. Frank Solich, amene analowa m'malo mwa Osborne, anachotsedwa ntchito mu 2003 atapambana masewero 9 mwa 12, mkulu wa zamasewero wa nthawiyo akunena kuti sangalole timu kuzolowera kukhala yapakatikati. Chaka chotsatira, pansi pa Bill Callahan, timu inapambana masewero 5 okha ndipo inalephera kupita ku masewero a bowl (masewero apadera a kumapeto kwa chaka a matimu amene achita bwino) koyamba patapita zaka 35. Bo Pelini anapambana masewero 9 kapena 10 chaka chilichonse kwa zaka 7, ndipo nayenso anachotsedwa mu 2014. Ndikudziwa zimene otsutsa anganene, kuti timu ya Pelini inkachita manyazi pa masewero akuluakulu, monga pamene Wisconsin inaithira 70 kwa 31 pa ndime yomaliza ya Big Ten mu 2012, ndipo zimenezo n'zoona. Komabe akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Atsogoleri a sukuluyo anataya masewero 9 amene anali nawo m'manja pofuna 12 a m'zaka za m'ma 1990, ndipo chichokereni Pelini timu yafika pa 9 kamodzi kokha, mu 2016. Kuchokera 2017 mpaka 2023, zaka 7 zotsatizana, inkagonja kambiri kuposa kupambana. Frost mwiniwakeyo, amene anamulandira ngati mpulumutsi, anachotsedwa mu Seputembala 2022 atagonja kwa Georgia Southern pa bwalo la kwawo, ndipo anachoka atapambana masewero 16 ndi kugonja 31.

Palinso nkhani ya mmene zoloserazi zimapangidwira, imene anthu ambiri saiganizira. Mndandanda wa AP wa mu Ogasiti umachokera ku mavoti a atolankhani oposa 60 amene sanaonepo timu iliyonse ikusewera chaka chimenecho. Amayang'ana mmene timu inathera chaka chatha, amawerenga osewera amene atsala, amaona ngati quarterback ndi wodziwika, ndipo dzina la sukulu nalo limakoka mavoti. Sindikuwanyoza, chifukwa matimu ngati Ohio State, Georgia ndi Alabama amawaika pamwamba ndipo kawirikawiri amatheradi pamwamba. Koma taonani chaka cha 2024. Florida State inayamba ili pa nambala 10 n'kumaliza itapambana masewero 2 mwa 12. Indiana inaloseredwa kuti ikhala ya nambala 17 pa matimu 18 a Big Ten, koma inapambana masewero 11 ndi kulowa mu playoff, ndipo panjira inathira Nebraska 56 kwa 7. Arizona State anaiika kotsiriza mu ligi ya Big 12 ndipo inatenga chikho cha ligiyo. Masiku ano kulosera kwavutiratu chifukwa osewera amasamuka sukulu momasuka chaka ndi chaka, kuyambira 2021 amaloledwa kulandira ndalama pa dzina lawo, ndipo kuyambira Julayi 2025 masukulu eniake akutha kuwalipira. Timu ya mu Seputembala imakhala ndi nkhope zambiri zimene sizinasewerepo limodzi, ndipo palibe mtolankhani amene angadziwe mmene zigwirizanirane. Ndionjezere kuti kulipidwa kumeneku kwapatsa ochemerera ena chifukwa chatsopano chotukwanira ana a eni, ati poti akudya ndalama, ndipo ine maganizo amenewo ndimawakana kotheratu.

Za chaka chachitatu cha Matt Rhule

Nambala 10 imene mukuimva kuntchitoyo ili ndi gwero lake. Mphunzitsi wa tsopano, Matt Rhule, ali ku yunivesite ya Temple anapambana masewero 2 m'chaka choyamba, 6 m'chachiwiri, ndi 10 m'chachitatu. Ku Baylor anapambana 1, kenako 7, kenako 11. Ku Nebraska wapambana 5 mu 2023 ndi 7 mu 2024, chaka chimene timu inapita ku bowl koyamba chichokereni 2016 n'kugonjetsa Boston College 20 kwa 15 ku New York. Ndiye anthu akungowerenga zala, n'kumati chachitatu chafika. Akuonjezera kuti quarterback Dylan Raiola, yemwe anasewera mu 2024 atangochoka kusekondale, tsopano wakhwimako, kuti mphunzitsi wothandizira Dana Holgorsen wakhala ndi nthawi yokwanira yokonza osewera akutsogolo, ndiponso kuti pa ndandanda ya 2025 palibe Ohio State kapena Oregon. Zonsezi ndi zifukwa zenizeni, ndipo nanenso zimandipatsa chimwemwe.

Koma zimene zinachitika kawiri m'maligi ena si lamulo. Temple sinkasewera mu Big Ten, ligi imene inatulutsa akatswiri a dziko mu 2023 ndi 2024, Michigan ndi Ohio State. Nebraska sinagonjetsepo timu ya pa mndandanda wa AP chiyambire pamene inagonjetsa Oregon mu Seputembala 2016, ndipo mu 2025 iyenera kukumana ndi Michigan, USC, Iowa, ndi kupita ku Penn State, imene atolankhani aiika pa nambala 2. Kumbali yotchinga, imene inanyamula timuyi zaka ziwiri zapitazi, mphunzitsi Tony White anapita ku Florida State, ndipo zimphona ziwiri za pamzere woyamba, Ty Robinson ndi Nash Hutmacher, zinamaliza nthawi yawo. Anthu amakonda kukamba za quarterback chifukwa ndiye amaoneka pa kanema, koma mu Big Ten mwezi wa Novembala, kukazizira ndi kuomba mphepo, masewero amathera pa anyamata onenepa a pamzere amene maina awo sitiwadziwa n'komwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi masewero othera pafupi. Mu 2021 Nebraska inagonja masewero 9, onsewo ndi mapointi osafika 10, ndipo mu ligi inapambana amodzi okha pa masewero 9 ngakhale kuti mapointi onse amene inapeza anali ofanana ndendende ndi amene adani ake anapeza. Chaka chotsatira anthu analosera kuti tsoka lotere silingabwerenso, koma masewero oyamba enieni, ku Dublin, inagonja 31 kwa 28 kwa Northwestern itatsogola ndi mapointi 11. Iowa yaigonjetsa 13 kwa 10 mu 2023 ndiponso 13 kwa 10 mu 2024, kawiri konseko ndi field goal (mpira womenyedwa ndi mwendo kudutsa pakati pa mizati) ya pa sekondi yomaliza. Chinthu chikabwerezeka chonchi sindichitchanso tsoka. Ndi kutaya mpira pa nthawi yoipa, kuphonya pomenya mpira ndi mwendo, ndi mantha amene amagwira anyamata akamamva bwalo la anthu oposa 80,000 likuusa moyo nthawi imodzi, pokumbukira zimene zinachitika chaka chatha. Ndimakhulupirira ndithu kuti mantha amenewo ife ochemerera timawadyetsera tokha, ndipo timayamba kuwadyetsera mu Ogasiti pamene tikuuza ana a zaka 19 ndi 20 kuti chilichonse chochepera pa 10 ndi kulephera. Rhule wabweretsa Mike Ekeler kuti akonze mbali ya omenya mpira ndi mwendo, ndipo kwa ine nkhani imeneyo ndi yolemera kuposa zonse zimene zikulembedwa za Raiola.

Za playoff, dziwani kuti mumalowa matimu 12 okha m'dziko lonse, ndipo matimu 4 a Big Ten amene analowa mu 2024, Oregon, Penn State, Ohio State ndi Indiana, onse anali atapambana masewero 10 kapena kuposerapo pa masewero 12 a pa ndandanda. Nebraska siili n'komwe pa matimu 25 a mndandanda wa AP umene unatuluka mu Ogasiti 2025. Ine ndikuona masewero 8, ndipo ikafika pa 8 pamodzi ndi kugonjetsa Iowa, chimenecho chidzakhala chaka chabwino kuposa china chilichonse chichokereni 2016, choyenera kuchikondwerera popanda kudandaula.

Choncho achimwene, ndalama za ulendo wa playoff musaziike padera tsopano. Gulani matikiti a masewero amodzi a ku Lincoln, makamaka a Michigan pa 20 Seputembala kunja kukadafunda, mupite ndi mayi a kunyumba, ndipo mwana wanu afufuze msanga matikiti a ophunzira, amene amakhala otsika mtengo koma sachedwa kutha. Za Disembala mudzaziganizire masewero a USC a pa 1 Novembala akadzatha, popeza malo a masewero a bowl amalengezedwa kumayambiriro kwa Disembala, ndipo kugula tikiti ya ndege musanamve malowo n'kutaya ndalama. Mukasankha masewero a Iowa a pa 28 Novembala, mudzavale zamphepo zokwanira ndi nsapato zochindikala, chifukwa mudzakhala panja maola oposa atatu mapazi ali pa simenti.