Zovala zamakedzana sizigulidwa pa belo, achemwali

Achemwali, funso lanu ndaliona. Mwati inu ndi anzanu mwapangana tsiku lokasangalala mutatchena ngati anthu a m'zaka za m'ma 1970, mwazungulira mu Taifa ndi mumsika waukulu wa Mzuzu koma mwangopeza malaya awiri okha, ndiye mukufunsa kumene ife oyenda kunja timazitenga zovala zoterezi, komanso ngati munthu angayambe geni imeneyi ndi kampamba kochepa. Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Ine njira ya ku Songwe, pamalire ndi Tanzania, ndayiyenda zaka zoposa khumi, ndipo ndikuuzani mmene zimakhalira.

Poyamba chotsani m'mutu zoti kwinakwake kuli belo ya zovala zamakedzana zokhazokha. Kaunjika amene timagulitsayu amachokera ku Ulaya, ku America ndi ku China. Kumeneko amamusankha, n'kumufinya m'mabelo, ambiri olemera makilogalamu 45, n'kumupakira m'makontena obwera kudoko la Dar es Salaam. Pa belo amalembapo mtundu wa katundu, kaya ndi madiresi, mashati aamuna, majekete kapena zaana. Chaka salembapo. Komanso osankhawo maso awo ndi akuthwa, chovala chakale chooneka bwino amachipatula chifukwa kwawo komweko chili ndi msika wodula. Chimene chimatifika ife ndi chija chawapulumuka m'manja. Mutha kudula belo yathunthu n'kupezamo ziwiri, kapenanso osapezamo n'chimodzi chomwe.

Ine izi ndinaziphunzira ndi misozi. Chaka china atsikana a pasukulu ina anandipatsa oda ya madiresi akale, ndipo wogulitsa wina anandilumbirira kuti belo yake ili ndi zomwezo. Ndinalipira, ndinalipiranso msonkho, n'kufika nayo kunyumba ku Chibavi. Nditadula mawaya ndinapeza madiresi amasiku ano, ena ong'ambika m'khwapa, ndipo apakati anali atachita chuku chifukwa munalowa madzi. Belo ikadulidwa sibwezedwa. Zinanditengera miyezi itatu kuti mpamba wokha ubwerere, ndipo atsikana aja ndinawabwezera ndalama zawo mutu uli pansi.

Kuyambira pamenepo ndimasankha ndi manja anga. Ku Tanzania kaunjika amamutcha mitumba, ndipo ku Dar ndimalowa m'misika ya Karume ndi Ilala. Kumeneko n'kulawirira. Wogulitsa akakuuzani kuti mubwere "saa kumi na mbili", akunena 6 koloko m'mawa, poti Aswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, ndiponso nthawi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi kuyerekeza ndi yakwathu. Mumafika kukadali kachisisira, tochi yapafoni ili m'manja. Mnyamata amadula belo, zovala n'kufufuma ngati mtanda wa mandasi, fungo la mankhwala n'kukwera m'mphuno. Amakweza chovala chimodzichimodzi m'mwamba, manja khumi n'kuchithamangira. Anzanga onse amalimbirana majini ndi zamasiku ano. Ine ndimaima chakumbali kudikira chija aliyense akuchinyoza kuti n'cha agogo, ndipo nthawi zambiri ndimachitenga motchipa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chakale chenicheni chimadziwika pochigwira. Zipi ya zambiri imakhala yachitsulo, yolemera. Shati ya m'ma 1970 kolala yake ndi yaitali, yosongoka ngati makutu a kalulu. Diresi ikakhala ya kirimpulini, nsalu yokhuthala ija yosakwinyika imene amayi athu ankaikonda poti sinkafuna simbi, musaisiye. Mathalauza a terelini otambasuka kumiyendo nawonso ndi anthawi yomweyo. Werenganinso kalebulo kapakhosi. Mukaona palembedwa Made in West Germany, dziwani kuti chovalacho chinasokedwa dzikolo lisanaphatikizane ndi linzake mu 1990. Koma jekete yokhala ndi masiponji m'mapewa ndi ya m'ma 1980, musasokoneze. Mukakhutira, chiyang'anitseni kudzuwa kuti muone mabowo a njenjete, mununkhize m'khwapa, mukokenso lasitiki wam'chiuno. Zipi ndi mabatani telala amasintha, koma thukuta la zaka makumi anayi palibe sopo amene angalichotse.

Phindu lodalirika, kunena zoona, silili m'madiresiwo. Lili mu timatenje tokometsera timene ndimapikula pa dazeni ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar: magalasi aakuluakulu, mawigi a afro, ndolo zozungulira, malamba otakata, nsapato zagogoda. Izi n'zatsopano, angozipanga mofanizira zakale, ndipo ine kasitomala ndimamuuza choncho. Sizilemera, sizidya malo m'chikwama, komanso zimatha msanga.

Njira yake ndi iyi. Kuchoka mudepoti ya Mzuzu mumatsika Chiweta nyanja ikuoneka kumunsi, n'kufika ku Karonga, mtunda wa makilomita oposa 200. Pamenepo mumakwera ina yokafika pachipata cha Songwe. Mukadinditsa pasipoti mumawoloka mlatho wapansi kulowa ku Kasumulu, n'kukwera basi yodutsa ku Tukuyu mpaka ku Mbeya. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita oposa 800, tsiku lathunthu muli pampando, kudutsa Iringa, Mikumi ndi Morogoro, n'kukatsikira pa siteshoni ya Magufuli ku Mbezi. Mmalawi safunika viza polowa mu Tanzania, koma khadi lachikasu la katemera wa yellow fever muzikhala nalo m'chikwama. Posintha ndalama ndi anyamata apaboda, werengani mashilingi nokha kawiri musanapereke makwacha anu, chifukwa zala zawo n'zofulumira kuposa maso anu.

Nkhani ya ndalamayi ndi imene yathyola msana amayi ambiri amene tinkayenda nawo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu umagulitsa katundu yense bwinobwino, koma pobwerera kukaoda umapeza kuti ndalama yomweyo ikugula theka. N'chifukwa chake mu February 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anayenda mumsewu mpaka ku Nyumba ya Malamulo kudandaula za mtengo wa mabelo. Ndiye poika mtengo pa chovala, muziganizira ndalama imene mudzagulire chinzake ulendo wotsatira, osangoti imene munagulira ichi.

Pobwera, katundu yense muonetseni kwa a MRA, otolera msonkho, ndipo malisiti musunge. Mudzamva anthu akunena za ndondomeko ya COMESA, mgwirizano wa zamalonda wa maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, yopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Ilipodi, ndipo imathandiza anzathu odutsa pa Mchinji kupita ku Zambia, koma Tanzania inatuluka mu COMESA mu 2000. Komanso ndondomekoyo imakhudza katundu wopangidwa m'maiko a m'chigawo chathu chino, pamene diresi ya ku Germany ndi magalasi a ku China ndi zobwera. Ndiye msonkho muuwerengeretu. Padzabweranso anyamata okunong'onezani kuti akuwolotserani chikwama pamtsinje usiku. Chonde akaneni. Ndaonapo mayi akulira pa rodibuloko mumsewu wa M1, katundu yense atatsitsidwa, mpamba wake uli wakubanki m'khonde.

Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo chilichonse: thiransipoti, malo ogona, chakudya, wonyamula katundu, msonkho, sopo wochapira, makala asimbi, telala, ngakhale mayunitsi. Zonsezo ndimazigawa pa zovala zimene ndabwera nazo. Mukawerenga choncho mudzaona nokha kuti munthu wa kampamba kochepa sayenera kuyambira ku Dar, ulendo wokhawo udzamudyera zonse. Yambirani konkuno. Dziwanani ndi amayi amene amadula mabelo mumsika ndi ku Zigwagwa, muwapemphe kuti akapeza zaagogo azikuimbirani. Mpamba ukakula pitani ku Mbeya, mumsika wa Mwanjelwa, mutha kugona usiku umodzi n'kubwerera. Chinanso, tsiku lotere limakhala limodzi, ndipo anthu ambiri safuna kugula diresi yoti akaivale kamodzi basi. Ine zabwino kwambiri sindizigulitsa, ndimabwereketsa, munthu n'kusiya chikole. Diresi imodzi yapita kale kumaphwando asanu ndi awiri ndipo ikadali m'nyumba mwanga.

Tsopano pali chimene chimandikhudza mtima, ndipo ndikupemphani muchiganizire ndi anzanuwo. Zithunzi zimene mukuziona pa TikTok ndi pa Facebook, za atsikana ovala mathalauza otambasuka ndi timasiketi tatifupi, ndi za ku America ndi ku London. Kuno sizinali choncho. Mu 1973, m'nthawi ya Kamuzu, kunakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala thalauza kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo abambo sankaloledwa kuweta tsitsi lalitali kapena kuvala mabelubotomu. Zinadzamasuka mu 1993. Sindikuti musavale zakunjazo, valani ndithu, ine ndikugulitsani. Koma pagulu lanulo pakhale ena ovala monga mmene ankatchenera makolo athu enieni: diresi yodutsa mawondo, duku lomangidwa mwaluso, chilundu, chitenje changati zija ankapanga a David Whitehead ku Blantyre. Anyamata avale suti ya safari yamanja aafupi, kapena suti ndi chipewa ngati madoda obwera ku Joni pa Wenela, wailesi ili paphewa. Ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay mabanja ambiri ali ndi chithunzi chotero pakhoma.

Zovala zimenezo ku Karume kulibe. Zili m'thiranki ya agogo anu. Mayi anga atamwalira tinatsegula yawo, yachitsulo, yobiriwira, loko wake atachita dzimbiri. Pansi penipeni, atakulunga m'nyuzipepala yofiirira, munali diresi ya kirimpulini yamtundu wa dzungu, mabatani ake okutidwa ndi nsalu yomweyo, mpendero wake wosokedwa pamanja timizere tating'ono tofanana. Anaivala tsiku limene ankabatiza mchimwene wanga. Ndayenda misika yambiri koma sindinagwirepo chovala chosokedwa mwachikondi chotero, ndipo imeneyo yokha sindibwereketsa. Pitani kumudzi mukawapemphe agogo mwaulemu. Akakana kupereka, ajambuleni chovalacho, mugule nsalu mu Taifa, mupite nacho kwa telala wachikulire, mmodzi wa aja amakina opalasa amene amakhala m'makonde a masitolo. Masitayelo amenewo anawasokapo ali anyamata, sadzavutika nawo.

Ngati tsiku lanulo lili mu June kapena July, mukudziwa nokha chisanu ndi mvula yowaza ya Mzuzu. Pezani juzi yoluka kapena jekete yokhuthala yogwirizana ndi diresiyo, ndipo gogoda muzikavalira komweko, m'matope a kwathu kuno simufika nazo patali.

Ine ndikunyamuka Lachiwiri sabata yamawa. Ngati mukufuna ndikakusankhireni, aliyense adziyeze ndi tepi pachifuwa, m'chiuno ndi kutalika kwake, mulembe papepala. Musandipatse nambala yapalebulo, chifukwa saizi 12 yakale ndi yaing'ono poyerekeza ndi 12 yalero. Mundibweretserenso chithunzi chimodzi cha agogo anu ali mtsikana, ndikayende nacho m'chikwama pamene ndikusankha.